Fupa Limene Bushra Analikwirira

Aphunzitsi a Tedson Mwafulirwa ndi munthu wabwino, ndipo mwina ubwino wawo womwewo ndi umene unawachimwitsa. Iwo ankakhulupirira kuti chimene chawakomera iwo chakomera dziko lonse. Aphunzitsa Bayoloje zaka zambiri pasekondale yoyendera ya kufupi ndi Ngala, ndipo ana amene adutsa m'manja mwawo ndi ochuluka: ena ndi anamwino, ena apolisi, ena ali pakabaza pa Dwangwa. Ndi munthu wanthabwala, woti simungakhale naye osaseka. Koma mukafuna kuti nthabwala ziwathere, tchulani dzina la Bushra, mtsikana amene iwo anafunitsitsa kuti alembe mayeso a Fomu 4.

A Mwafulirwa anabadwira m'makomboni a ku Dwangwa. Bambo awo anachokera ku Karonga kudzadula nzimbe, ndipo ankaweruka kuntchito ali bii ndi mwaye wa nzimbe zootcha, maso okha akuyera. Tedson ali Sitandade 7, kwawo ku Karonga kunagwa maliro, bambo ake n'kumutenga. Akuluakulu ali kalikiliki ndi zamaliro, iye anazemba n'kutsatira anzake kuchigwembe china kumene kunali alendo okumba pansi. Kukumba kwake sikunali kwa munthu wofuna chinangwa ayi. Ankakanda dothi pang'onopang'ono ndi timipeni, n'kumasesa ndi timaburashi, atagwada tsiku lonse. Mmodzi wa iwo, Mmalawi ndithu, anamulola mnyamatayo kugwira fupa limene linali litatulukira theka. Linali lozizira ndi louma gwa, fupa losanduka mwala. Bamboyo anamuuza kuti ndi la chinyama chotchedwa dayinoso, chachitali ngati basi, chimene chinkadya masamba pamalo pomwepo kusanabadwe munthu aliyense, nyanja yomwe isanakhalepo.

Nyanja isanakhalepo! Mawu amenewo sanamuchoke mnyamatayo. Bambo ake ankafuna kuti adzakhale kalaliki kufakitale, avale malaya oyera, asadzaone chikwanje. Iye anasankha choko. Anayambira kupulayimale, n'kumaphunzira mwapadera patchuthi mpaka anakwezedwa kupita kusekondale. Anakwatira mkazi wa kwawo, mayi Lughano, munthu wosalankhula zambiri koma woona patali, ndipo Mulungu anawapatsa mwana wamkazi dzina lake Mtendere.

Maphunziro ena onse ankaphunzitsa ngati mphunzitsi wina aliyense. Koma akafika pamutu wa zamoyo zakalekale, ankasanduka mwana. Ankajambula madayinoso pabolodi mpaka mchira kutulukira pakhoma, ankayenda m'kalasi khosi atalisolola, ana n'kumagubuduka ndi phwete. Anawo anawapatsa dzina loti Dayinoso, ndipo iwo m'malo mokwiya ankalivomera. Mwana akawafunsa kuti nanga Adamu anali kuti nthawi imeneyo, ankayankha kuti, “Mulungu sanali pachangu, mwanawe. Wachangu ndiwe, amene ukufuna belu lilire.”

Chimene chinawatchukitsa kwambiri ndi mayeso awo a mumchenga. Ankati mwana amene wangoloweza buku sanadziwe kanthu, ndipo pamutu umenewu sankapereka mayeso a papepala. Chaka chilichonse ankapita kubutchala ya pa Dwangwa kukapempha mafupa a ng'ombe, nthiti, msana ndi miyendo. Ankawawiritsa m'chitini n'kuwayanika padenga, agalu a m'mudzi wonse n'kumachita msonkhano pakhomo pawo, mayi Lughano akungogwira pamphuno. Kenaka ankakumba dzenje kuseri kwa sukulu. Pansi penipeni ankaika zigoba za nkhono ndi zidutswa za dongo zodindapo masamba, n'kukwirira. Pamwamba pake mafupa a ng'ombe aja, amene tsiku limenelo ankatchedwa a dayinoso, n'kukwiriranso. Chapamwamba ankamwaza minga ya kampango ndi zitsekerero za mabotolo. Ana a Fomu 4 ankabwera ndi masupuni ndi miswachi yakutha, n'kumafukula m'magulu, iwo ali chilili pambali kuponya mafunso. Chakale ndi chiti, ndipo wadziwa bwanji? Fupa ili ndi la nyama yodya udzu kapena nyama inzake? N'chifukwa chiyani tapeza fupa koma mnofu palibe? Ana ankalidikira tsikuli kuyambira ali Fomu 1.

Bushra anali mwana wa a Yakubu, msodzi wa pa Ngala. Anali wachialubino. Ankakhala desiki yakutsogolo chifukwa maso ake sankaona patali, ndipo powerenga buku linkachita kukhudza mphuno. Pamwamba pa hijabu ankavala chipewa chachikulu cha dzuwa. Sanali mwana wolongolola, koma akafunsa funso, mphunzitsi ankayamba wakanda m'mutu. Tsiku lina anafunsa kuti, “Sala, ngati zinafa zonse munthu asanabwere, nanga maonekedwe a khungu lawo anawaona ndani?” A Mwafulirwa anavomera kuti ojambula amangoganizira, ndipo anakondwa ndi funsolo sabata yathunthu. Chifukwa cha iye anayamba kulemba zilembo zikuluzikulu pabolodi. Kustafu ankauza aliyense kuti mwana ameneyu ndiye adzakhale woyamba pasukulupo kupita kuyunivesite, ndipo ankanena ngati nkhani yatha kale.

Amene ankamubweretsa kusukulu anali amalume ake, a Ramadhani, nawonso achialubino, okonza njinga pansi pa mtengo wa mango pa Ngala. M'mawa uliwonse ankamukweza pakaliyala, kuweruka n'kudzamutenga. Chinali chaka chija cha mantha, pamene wailesi inkangolengeza za anthu achialubino obedwa ndi ophedwa, ndi za manda ofukulidwa, kaamba ka bodza lonyansa loti mafupa awo amalemeretsa. Chaka chomwecho, Bushra ali Fomu 4, chilonda chimene a Ramadhani anali nacho pakhosi chinakana mankhwala. Anamwalira mvula ili kumapeto.

Asilamu a kuno sachedwetsa maliro, ndipo manda awo sakhala ndi zambiri. Munthu amagona m'sanda yake, dothi pamwamba, pemphero la dua, anthu n'kubwerera. Koma pamaliro a Ramadhani zinthu zinasintha. Achibale anapempha, shehe anavomera ndi mtima wolemera, ndipo mandawo anawathira konkire wa miyala ndi zitsulo. Amuna anagawana masiku olondera kumanda. A Mwafulirwa, ngakhale ndi Mkhristu, analipo. Anatuta nawo mchenga wa konkireyo, anamva amayi akulira kuti ngakhale kufa komwe sikupumula. Zonsezi anaziona ndi maso awo, ndipo chisoni anamva ndithu. Bushra anabwerera kusukulu patapita masabata angapo, tsopano akuperekezedwa ndi bambo ake wapansi, ndipo anakhalanso padesiki yake.

Sadaka ya masiku makumi anayi isanachitike, nthawi ya mayeso a mumchenga inakwana. Mayi Lughano ataona chitini chija chikutsukidwa, anaima pakhomo manja ali m'chiuno.

“Bambo a Mtendere, chaka chino mafupa anuwa alekeni.”

“Ndi a ng'ombe, mayi. Ngakhale khanda lingathe kuona.”

“Ine ndanena. Nthawi ino si yoseweretsa mafupa.”

Wakutsina khutu ndi mnansi, ndipo a Mwafulirwa anamva ndithu, koma anamvera mbali ina. Anaganiza kuti mkazi wawo akuopa kuti anthu angawaganizire zoipa. Choncho anakonza zonse mwadongosolo. Anakauza ahedi, anakauza a komiti ya sukulu, anaitana apolisi a m'mudzi kudzaona fupa lililonse, ndipo mwini butchala anachitira umboni kuti ng'ombe yake akuidziwa. Onse anaseka n'kuvomera. Anakwirira mafupawo dzuwa lili pamutu, anthu akuonerera. Anatseka pena paliponse pamene iwo akanavulalira, ndipo anadziona kuti ndi munthu wosamala. Kuti m'kalasimo muli mwana amene wangoona kumene manda a amalume ake akuthiridwa konkire, sizinawadutse m'mutu n'komwe. Akamuganizira Bushra ankangoganiza kuti ndi amene adzakhoze zonse, ndipo ankati tsikuli lidzamuiwalitsako maliro.

Tsikulo anabwera ndi ambulera ya mkazi wawo kuti mwanayo asapse ndi dzuwa. Anamuika kukhala mtsogoleri wa gulu loyamba. Bushra anaima m'mphepete mwa dzenjelo kanthawi ndithu, kenaka anagwada, mnzake atamugwirira ambulera. Anachotsa zitsekerero ndi minga ya kampango, n'kunena bwinobwino kuti izi ndi zatsopano chifukwa zili pamwamba. A Mwafulirwa anaomba m'manja. Iye anapitiriza kukanda ndi supuni, nkhope ili pafupi ndi mchenga chifukwa cha maso aja. Supuni inagunda cholimba. Anatenga mswachi n'kuyamba kusesa, ndipo fupa lalitali la mwendo linayamba kuonekera, loyera mbee, lili pakati pa manja ake awiri.

Pamenepo mnyamata wina wakumbuyo, wa m'gulu la ofuna kuseketsa anzawo nthawi zonse, anaponya mawu.

“Eee, Bushra wawapeza amalume ake! Anyamata, talemera!”

Ena anaseka, kuseka kongotuluka kokha munthu asanaganize. Ena anagwira pakamwa. A Mwafulirwa anakalipa ndi mawu amene anali asanawamvepo mwini wake, anamugwira mnyamatayo pakolala n'kumukankhira kuofesi. Potembenuka anapeza Bushra akadali chogwada. Sanalire. Anaika mswachi pambali, n'kuyamba kubwezera mchenga pafupalo ndi manja onse awiri, pang'onopang'ono, mpaka linabisika lonse. Anasalaza pamwamba ndi chikhatho. Kenaka anaimirira, anasansa siketi yake, n'kukakhala kuseri kwa kalasi kudikira bambo ake. Apo m'pamene a Mwafulirwa anazindikira chimene anachita, ndipo anamva manyazi ndi chisoni. Koma madzi akatayika saoleka.

M'mawa mwake desiki yakutsogolo inali yopanda munthu, ndipo zinakhala choncho sabata yonse. Mnyamata uja anapatsidwa chibalo, makolo ake anaitanidwa, ndipo iye analira misozi yeniyeni, nati sankadziwa chimene ankanena. Anamutengera kwa a Yakubu kukapepesa. Zonse zimene sukulu imadziwa kuchita zinachitika, koma Bushra sanabwere. Mayeso a boma anali atayandikira, dzina lake linali litalembetsedwa kale, ndipo a Mwafulirwa anasiya kudya bwino. Mayi Lughano sananene kuti “ndinanena”, ndipo kusanenako kunawapweteka amuna awo kuposa kukalipiridwa.

Atapita kunyumba kwa Bushra koyamba, mayi ake anati mwana wagona, mutu ukumuwawa. Ulendo wina anati watuluka, pamene nsapato zake zinali pakhomo pomwepo. Pamapeto pake a Mwafulirwa analondola a Yakubu kugombe, n'kuwapeza pamthunzi akusoka ukonde. Anapatsana moni, ndipo mphunzitsiyo anayamba kufotokoza za ng'ombe, za butchala, za apolisi a m'mudzi. A Yakubu anawadula mwaulemu.

“Aphunzitsi, ine sindikukuimbani mlandu. Kuti anali a ng'ombe ndikudziwa, mwana wanganso akudziwa. Si wopusa.”

“Mnyamata uja wapepesa, bambo. Walapa zenizeni.”

“Wapepesa, tinamulandira. Koma mwana akuti atadzutsa maso anaona anzake onse akumuyang'ana manja. Anzake amene amadya nawo chinangwa pabuleki. Akuti sakudziwa amene ankamumvera chisoni ndi amene ankaganiza zina. Wallahi, aphunzitsi, ine ndikufuna alembe. Ndamuuza, mayi ake amuuza, shehe anabwera kudzamuuza. Bwerani Lachisanu tikachoka kumzikiti, mudzayese inu. Mwina inu akumverani.”

Lachisanu masana anapita. A Yakubu anawayalira mphasa pakhonde, n'kuitana mwana wawo. Bushra sanatulukire panja. Anakhala pakhomo chakumkati, pamene dzuwa silifika, lichero la mpunga lili pamiyendo, akusankha timiyala. Anapereka moni mwaulemu monga kale. Anali ataonda.

Njira yonse a Mwafulirwa anabwera akukonza mawu opepesa, koma atamuona onse anabalalika. Munthu amathawira kumene wazolowera, ndipo iwo anathawira kumafunso.

“Bushra, tandikumbutsa. Fupa limasanduka bwanji mwala?”

Bambo ake anawayang'ana modabwa. Mtsikanayo sanadzutse mutu, koma anayankha. Anati nyama ikafa n'kukwiririka msanga m'matope, mnofu umaola, madzi a m'nthaka amalowa m'fupa n'kusiyamo mchere wa m'miyala pang'onopang'ono, mpaka fupalo limalimba.

“Nanga zamoyo zoyambirira zinali kuti?”

“M'madzi, Sala. Tizinthu tosaoneka ndi maso.”

“Munthu anakumanapo ndi dayinoso?”

“Ayi. Anaphonyana kutali kwambiri.”

Anafunsa ena, ovuta kuposa amenewo, ndipo iye ankayankha zala zake zikusankhabe mpunga, osaphonya ngakhale limodzi. Mtima wa mphunzitsi unayamba kudumpha. Anasendera kutsogolo pamphasapo.

“Waona, mwana wanga? Palibe chimene wataya. Bwera udzalembe. Ndinalakwa ine, ndinalakwa kwambiri, sindinaganize. Mafupa aja ndinafukula onse n'kukataya, sadzaonekanso. Ukafuna, ndizidzakutenga ndekha ndi kukubweza ndekha. Sudzakhala pafupi ndi mnyamata uja. Ungobwera masiku a mayeso okha.”

Bushra anasiya kusankha mpunga. Kwa nthawi yoyamba anawayang'ana, maso ake akunjenjemera monga amachitira akafuna kuona bwino.

“Sala, nanenso ndifunse?”

“Funsa, funsa,” anatero mosangalala, poganiza kuti mwana wawo uja wabwerera.

“Munati dayinoso wa kwanu ku Karonga uja anagona m'nthaka zaka mamiliyoni, popanda womusokoneza, mpaka anthu anadzamupeza mwangozi.”

“Zoona.”

“Amalume sanathe n'komwe masiku makumi anayi, ababa akugona kumanda ndi chibonga. Nanga ine ndikadzafa, ndidzagona masiku angati?”

A Yakubu anatembenuzira nkhope kukhoma. A Mwafulirwa anali munthu amene moyo wake wonse sanasowepo choyankha mwana. Anafuna kunena kuti boma likugwira anthu oipawo, kuti zinthu zisintha, kuti iye akadali mwana, asaganize za imfa. Anaona kuti zonsezo mtsikanayo wazimva kale kwa anthu ena.

“Sindikudziwa, mwana wanga,” anatero.

“Musavutike nalo, Sala. Limeneli silibwera pamayeso.”

Ananyamula lichero lake, anawerama pang'ono potsanzika, n'kulowa kuchipinda.

A Mwafulirwa anabwerera akukankha njinga, osaikwera, misozi ikutsika poyera anthu akuona, ndipo analibe nazo ntchito. Anapitakonso kangapo m'masabata otsatira. Ankalandiridwa bwino, ankapatsidwa tiyi, koma Bushra sanatulukenso. Pambuyo pake makolo ake anamutumiza kwa azakhali ake ku Boma, kumene nyumba ndi zoyandikana ndipo mpanda ndi wa njerwa. Ali komweko mpaka lero, amasoka madiresi ndi mahijabu, ndipo akuti amasoka bwino. Aphunzitsi ake akapita ku Boma amadutsa msewu wina.

Mayeso anafika nthawi yozizira, mwera ukuwomba. M'mawa wa pepala la Bayoloje a Mwafulirwa analawirira kusukulu, ngakhale eni phunziro saloledwa kulowa m'chipinda cholembera. Anapempha oyang'anira kuti desiki ya Bushra ikhale kutsogolo, pafupi ndi zenera, ndipo anawamvera. Kenaka anakaima kugeti, maso ali kunjira ya ku Ngala. Ana anadutsa mmodzimmodzi, akuwapatsa moni, ena akuwapempha kuti awakumbutse kanthu komaliza. Belu linalira iwo akadali pomwepo. Zenera la holo linali lotsegula, ndipo anamva woyang'anira mayeso akuitana mayina. Atafika pa Bushra Yakubu anaitana, anadikira pang'ono, anaitananso, kenaka anapitirira kwa wotsatira.